Tichepetse Zolemetsa Maganizo: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Chitukuko wa m'Wodi



Tikamakamba za chitukuko timatchula mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Lero khonsolo yandituma kuti tikambirane za munthu amene amaumba njerwa za midadadayo. Maganizo akamulemera sagona tulo, khasu limamukanika, ndipo pakhomo amakalipira ana popanda chifukwa.

Zina zotilemetsa, monga ng'amba ndi kukwera mitengo kwa zinthu, sitingazichotse patokha. Koma zina timaziitana tokha, ndipo nditchulapo zitatu.

Choyamba ndi katapila ndi kubetcha. Munthu amakongola kuti abetche mpira pa foni. Akaluza amakongolanso kwina kuti abweze ngongole yoyambayo, chiwongoladzanja chikungokwera. Mapeto ake njinga, mbuzi, ngakhale malata zimalandidwa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ku banki mkhonde nakonso tizitenga ndalama imene tikudziwa mmene tidzabwezere.

Chachiwiri ndi mowa ndi chamba. Kachasu amaiwalitsa vuto usiku umodzi. Kukacha vuto lili pomwepo, ndalama ya ufa yapita. Mowa umasokoneza tulo ndi kukulitsa nkhawa, pomwe chamba chimatha kuyambitsa matenda a maganizo, makamaka kwa achinyamata.

Chachitatu ndi miseche, yomwe masiku ano yasamukira pa WhatsApp ndi Facebook. Mphekesera, kutukwanizana ndi zithunzi za ngozi zimatitsatira mpaka pa mphasa. Kutuluka m'gulu lotere si mlandu. Foni tiziyiika pambali nthawi yogona isanakwane.

Komabe munda ukalimidwa osadzalamo kanthu, udzu umabwereranso. Nthawi imene tapulumutsa tiigwiritse ntchito ku dimba, ku kwaya, ku mpira, pa bawo, kapena pocheza ndi mnzathu wosunga chinsinsi.

Abambo anzanga, tinakula tikuuzidwa kuti mwamuna salira, ndipo mawu amenewa atikwiririra anthu ambiri amene anafa ndi nkhawa zawo mumtima. Mukamva wina akunena kuti watopa ndi moyo, musamuseke ndipo musamusiye yekha. Mumvereni, kenako muperekezeni kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku chipatala cha boma, komwe thandizo ndi laulere. Matenda a maganizo amachizika. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God amathandizanso ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati gwero lake ndi nkhanza za m'banja, pitani ku Victim Support Unit ku polisi.

Pa 10 Okutobala dziko lonse lapansi limakumbukira umoyo wa maganizo. Pempho la khonsolo ndi lakuti tsikuli lisanafike, VDC iliyonse ikhale itakambirana nkhaniyi pamodzi ndi mafumu, ndipo itabweretsa mfundo zake ku ADC.