Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wopereka Masatifiketi kwa Magaidi ndi Mapotala ku Likhubula, Mulanje



Ndathokoza kwambiri pondipatsa ulemu woti ndiyankhule pamaso pa mafumu. Ndabwera ndi mtima wonse chifukwa ntchito imene tikuilemekeza lero anthu ambiri amaiyesa ganyu wamba. Amati kutsogolera mlendo kumathithi n'kungoyenda patsogolo, iye n'kumatsatira pambuyo, ndipo mwana aliyense wobadwira m'tsinde mwa phiri angathe. Ine ndikukana. Ndipo ndikufuna makolo amene muli pano mubwerere kwanu mukudziwa kuti ana anuwa alowa ntchito yosunga miyoyo ya anthu.

Tiyeni tiyambire pafupi pomwepa. Munthu akanyamuka pa ofesi ya za nkhalango pano pa Likhubula, amayenda pafupifupi ola limodzi kuti akafike pa Dziwe la Nkhalamba. Njira yake imadutsa m'masuku ndi m'mitengo ya mombo, kukwera pang'onopang'ono, thanthwe la Chambe lili njo kumtundako. Mkokomo wa madzi umayamba kumveka mathithiwo asanaoneke. Akafika, mlendo amaona madzi oyera akugwa pathanthwe, dziwe lozizira zedi, ndi malo abwino ojambulirapo chithunzi. Zimenezo ndizo wadzera, ndipo sitimutsutsa. Koma gaidi wodziwa ntchito akafika pamalo omwewo maso ake amakhala kwina. Amayang'ana mitambo ya kumtunda. Amaona ngati madzi asintha mtundu, ngati ayamba kubwera ndi masamba ndi tizitsotso, ngati mwala umene unali poyera pofika wayamba kumira. Amadziwa thanthwe limene lili ndi ndere zoterera ndi mbali ya dziwe imene madzi amazungulira n'kukokera munthu pansi. Mlendo sangazione zimenezi ngakhale atakhala ndi madigiri angati, ndipo foni yake singamuuze.

Phiri la Mulanje lili ndi khalidwe limene aliyense wa kuno amalidziwa. Mvula ikhoza kugwa kumtunda, ku Chambe kapena ku Lichenya, kuno kumunsi dzuwa likuswa mtengo. Madzi a mvula imeneyo salowa pansi msanga chifukwa malo ambiri ndi thanthwe lokhalokha, choncho amasonkhana m'makwawa n'kutsika onse pamodzi. Kamtsinje kamene munawoloka m'mawa madzi akulekeza m'kakolo, masana kakhoza kukokolola munthu wamkulu. Si nkhani yatsopano. Mu 1949 mkulu wina wa za nkhalango, mzungu wachinyamata wolidziwa bwino phirili, adakokoloka powoloka mtsinje wodzaza, ndipo Laurens van der Post, amene adali naye pa ulendowo, adalemba za imfayo m'buku lake lotchedwa Venture to the Interior. Ngati madzi adatenga munthu amene phiri linali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, nanga mlendo wofika dzulo kuchokera ku Lilongwe kapena ku London?

Palinso chiperoni. Nkhungu ija ikatsika kuchokera cha ku Mozambique, munthu saona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake, ndipo chisanu chake chimalowa m'mafupa. Mu 2003 mlendo wina wa ku Netherlands adasowa m'phirimu akulowera ku Sapitwa yekha. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya gaidi wake pambuyo n'kupitirira yekha kunsonga komweko, pamtunda wa mamita 3,002, ndipo adapezeka atamwalira. Onsewa adali ana a anthu, okondedwa kwawo, ndipo sitiwatchula mowanyoza. Tikuwatchula kuti inu achinyamata mumvetse kulemera kwa udindo umene mukulandira.

Choncho mawu anga aakulu kwa inu ndi awa: phunzirani kukana. Lidzafika tsiku limene mlendo adzakuuzani kuti walipira ndalama zake, wachokera kutali, mawa akukwera ndege, ndipo sangabwerere asanasambe padziwe kapena asanakwere pamwamba pa mathithi kukajambulitsa. Mwina adzakhala bwana wamkulu wa mu boma, mwina munthu wamsinkhu wa bambo anu. Ife Amalawi tidaleredwa kuti mlendo sakanizidwa ndipo wamkulu satsutsidwa, ndipo mumtima mudzakhala mukuganiza za kangachepe kamene akadakupatsani pamapeto. Pa nthawi imeneyo kumbukirani kuti m'phiri wamkulu ndinu. Nenani mwaulemu, koma mosagwedezeka, kuti lero sitiwoloka, lero sitisamba, tikubwerera. Akwiye, akadandaule kuofesi, koma akafike kwawo ali moyo. Ndipo kwa inu akuluakulu a za nkhalango ndi atsogoleri a magaidi, pempho langa ndi loti gaidi amene wabweza ulendo chifukwa cha nyengo azilandira malipiro ake onse, ndipo mlendo aziuzidwa lamulo limeneli asananyamuke. Mukapanda kutero, mnyamata adzaika moyo wa munthu pachiswe poopa kugona ndi njala, ndipo mlandu wake udzakhala wa tonsefe.

Musadalirenso zimene mudaziona chaka chatha. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira napolo wa ku Phalombe mu Marichi 1991, ndipo tonsefe tidaona zimene namondwe wa Freddy adachita mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'mapiri n'kukwirira midzi kuno ku Mulanje, ku Phalombe mpaka ku Blantyre. Mabala ake akuonekabe m'mbali mwa phirili. Madzi otere amasuntha miyala yaikulu kuposa nyumba. Dziwe limene linali lakuya likhoza kukhala ndi mwala pansi lero, ndipo njira imene inali yolimba ikhoza kukhala yogumuka kunsi. Mvula ikatha chaka chilichonse, yendani nokha kaye m'njira zanu, opanda mlendo, mukaone chimene chasintha. Funsani magaidi akale, amene ena a iwo alibe pepala lililonse koma adakalambira m'njira zimenezi. Paja akulu adati safunsa adadya phula. Satifiketi imene mulandire lero isakupangitseni kuwaderera.

Tsopano ndinene za mbiri ya malowa, chifukwa mlendo sadzera madzi okha. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika Phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, kukhala malo achitatu m'Malawi muno pambuyo pa paki ya Nyanja ya Malawi ndi zojambula za m'mapanga a ku Chongoni. Chimene chidandikondweretsa ine n'chakuti ulemu umenewu udabwera chifukwa cha chikhalidwe: chifukwa Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao akhala akulilemekeza phirili monga malo a mizimu ya makolo, kumene ankathira nsembe ndi kupempha mvula. Dziwe la Nkhalamba ndi amodzi mwa malo oterowo. Gaidi amene amangoti madzi ndi awa, sambani, wamumana mlendo theka la ulendo. Koma chenjerani ndi mbali inayo. Alendo amakonda nkhani zodabwitsa, ndipo n'kosavuta kuwonjezera bodza lero, lina mawa, mpaka mbiri ya makolo isanduke nthabwala zogulitsa. Pitani kwa mafumu ndi kwa agogo anu, mukhale pansi, akuuzeni zimene iwo adamva. Zimenezo ndizo muzinena, ndipo pamene mwafika pothera chidziwitso chanu, imani pomwepo. Mafumu anga, ndikukupemphani kuti muwatsekulire achinyamatawa makomo anu. Zimene muli nazo m'mutu zikapanda kuperekedwa kwa iwo, alendo adzamva za phiri lathu kuchokera kwa anthu amene sadamwepo madzi ake.

Ulemu wa malowa ukhalenso wooneka ndi maso. Zimandipweteka kuona mabotolo osweka, mapepala apulasitiki ndi zotsalira za chakudya m'mbali mwa dziwe, makamaka pambuyo pa tchuthi cha Khirisimasi ndi chaka chatsopano. Ndinene chilungamo pamaso pa mafumu: zambiri mwa zinyalala zimenezi timataya ndife eni dziko. Galasi losweka limacheka phazi la mwana wosamba, sopo amatsikira kwa amayi amene akutunga kumunsi, ndipo mowa ndi thanthwe loterera siziyenderana. Gaidi anyamule thumba, chimene chakwera chitsikenso.

Nkhani imene ikundidetsa nkhawa koposa ndi ya nkhalango. Mathithi amene timanyadirawa amagwa chaka chonse chifukwa kumtunda kuli mitengo ndi udzu zimene zimasunga madzi a mvula ngati chinkhupule n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala. Likhubula, Lichenya, Thuchila, Ruo, Sombani, yonseyi imabadwira kumeneko. Madzi ake ndi amene amathirira minda ya tiyi, amene timamwa m'midzi yathu, ndipo a mu Likhubula muno amayenda m'mapaipi mpaka ku Blantyre. Boma lidateteza nkhalango ya phirili kuyambira mu 1927, komabe taonani pamene tafika. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, udatha ndi macheka ife tikuona. Kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo yaikulu 7 yokha. A Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi akhala akufesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula mochedwa, ndipo moto umodzi wa osaka nyama umapsereza ntchito ya zaka zambiri tsiku limodzi. Kumunsi kuno nkhwangwa za makala sizikupuma.

Sindikunena izi ngati kuti ocheka matabwa ndi ootcha makala ndi anthu achilendo. Ndi abale athu, ena timapemphera nawo, ndipo ambiri amakwera phiri usiku chifukwa pakhomo palibe ufa. Munthu wotere simungamutembenuze ndi chikwangwani. Chimene chingamutembenuze ndi kuona kuti mtengo woimirira ukubweretsa ndalama m'mudzi. Apa ndi pamene inu magaidi muli ndi mphamvu kuposa ife olankhula pamisonkhano. Mlendo wanu akagule nthochi, nanazi ndi mapeyala kwa amayi a m'mudzi. Adye nsima yophikidwa kuno, agule ndodo yosemedwa ndi mtengo wobzalidwa, ndipo akafunsa za kabokosi ka mkungudza, mumuuze zoona za komwe thabwa lake lachokera. Mukaona utsi kumtunda, imbani foni msanga. Mtsinje ukadzaphwa m'chilimwe, woyamba kusowa ntchito adzakhala gaidi wa kumathithi.

Mapotala, sindinakuiwaleni. Ulendo wautali wopita kumathithi akutali, wogona m'tinyumba ta ku Chambe, Thuchila kapena Madzeka, umatheka chifukwa cha misana yanu. Dziko limakuombereni m'manja tsiku la mpikisano wa mapotala, pamene mumathamanga mtunda umene ena amayenda masiku awiri, koma masiku ena onse ambiri a inu mumakwera mutavala patapata, opanda chovala cha mvula. Zimenezi zithe. Katundu akhale ndi mulingo wake ndipo aziyezedwa pa sikelo ulendo usanayambe. Pagulu lililonse pakhale bokosi la chithandizo choyamba. Tsatani mndandanda wa kuofesi kuti aliyense apeze mpata wake, ndipo mchitidwe wothamangira galimoto za alendo pa Chitakale n'kumalimbirana zikwama usiyike, chifukwa umachititsa manyazi ntchito yonse. Ndakondwa kuona atsikana pakati panu. Pali amayi ambiri, a kunja ndi a konkuno, amene amamasuka kuyenda m'nkhalango akamatsogoleredwa ndi mayi mnzawo. Anyamata, awa ndi anzanu pantchito, apatseni ulemu ndi malipiro ofanana.

Potsiriza ndilankhule kwa Amalawi anzanga. Dziko lathu lili ndi mathithi a Manchewe ku Livingstonia, a Williams pa phiri la Zomba, a Chisanga ku Nyika, ndi ano a kwathu kuno, koma alipo anthu obadwira pa boma pa Mulanje amene afika pa ukalamba asanaone Dziwe la Nkhalamba. Ndipo ena tikabwera, timakana gaidi, timati ndife a konkuno, kapena timanenerera mtengo mpaka mnyamata atsale ndi ya sopo yokha. Madzi sasankha kuti uyu ndi mzungu, uyu ndi Mmalawi. Aphunzitsi aakulu amene muli pano, konzani maulendo a ana asukulu m'miyezi yopanda mvula, m'magulu ang'onoang'ono, gulu lililonse ndi gaidi wake. A mipingo, a makwaya, a mabanki a m'mudzi, chitani chimodzimodzi. Mukafika, yambirani pa ofesi, lembetsani maina, tengani mmodzi mwa achinyamatawa, mumulipire mtengo wake wonse, ndipo akakuuzani kuti tibwerere, bwererani.

Wapampando, ndakonzeka kupereka masatifiketi.