Kukonza nyumba yakale: mutu umodzi susenza denga

Mawu omwe adalankhulidwa pamsonkhano wa makomiti a chitukuko



Namondwe wa Freddy atawomba mu March 2023, nyumba zambiri zidagwa m'maboma a Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Zina zidakokoloka ndi madzi, koma zina zidangofumuka chifukwa mvula ya masiku angapo idanyowetsa zipupa zomwe zidali zofooka kale. Mu November chaka chomwecho ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya simenti ndi malata idakwera. Pachifukwachi mabanja ambiri sangakwanitse kumanga nyumba yatsopano. Chomwe angathe n'kukonza yakaleyo isanawagwere.

Ntchitoyi imayamba ndi kukhala pansi kwa mwamuna ndi mkazi. Nthawi zambiri bambo amathamangira malata owala ndi penti yakunja, zomwe anthu odutsa angaone, pomwe mayi ndiye amadziwa pomwe pamadontha, ngodya yomwe chiswe chalowa ndi khitchini yomwe utsi sutuluka. Awiriwa ayendere limodzi nyumba yonse, alembe zowonongeka, kenaka agwirizane ndalama zomwe angapatule popanda kugulitsa chimanga chodya kapena kukhudza fizi ya ana.

Ndalama zikakhala zochepa, ndondomeko ndiyo imapulumutsa. Choyamba ndi denga, pakuti mdani wamkulu wa nyumba ndi madzi. Mitengo yodyedwa ndi chiswe ichotsedwe, denga limangiriridwe kuchipupa ndi waya kuti mphepo isalisasule, ndipo malata kapena udzu zitulukire kunja mokwanira kuti mvula isamamenye chipupa. Pogula malata, banja lidziwe kuti a geji 28 ndi okhuthala kuposa a geji 32, ngakhale nambala yake ndi yaying'ono. Chachiwiri ndi pansi pa chipupa: khonde likwezedwe ndipo pakumbidwe ngalande yoti madzi azipita kutali ndi maziko. Chachitatu ndi ming'alu. Mng'alu womwe ukukulirakulira, makamaka pangodya kapena pamwamba pa chitseko, umasonyeza kuti maziko akusuntha, ndipo kuumata ndi simenti n'kungobisa matenda. Pamenepo pafunika mmisiri wodziwa ntchito. Penti ndi matailosi zibwere pomalizira.

Pali njira zochepetsera ndalama popanda kuwononga ntchito. Njerwa zakale zolimba, mafelemu ndi zitseko zingagwiritsidwenso ntchito. Mchenga, miyala ndi madzi banja lingatute lokha. Malata ndi misomali zingagulidwe pang'onopang'ono pambuyo pokolola kapena banki mkhonde ikagawana, koma simenti igulidwe ntchito ikayandikira, chifukwa ikakhalitsa pachinyontho imauma m'thumba. Pomwe paikidwa simenti pazithiriridwa madzi kwa masiku 7 kuti palimbe. Nyengo yoyenera ndi yachilimwe, kuyambira May mpaka October. Wosasula denga mitambo itayamba kuda amagoneka ana pamatope. Mmisiri alipidwe m'zigawo molingana ndi ntchito yomwe wamaliza, ndipo pangano lilembedwe pamaso pa mboni. Katapila ngwoyenera kumupewa, pakuti nyumba yogonamo sibweretsa phindu lobwezera chiwongoladzanja.

Palinso nkhani ina yomwe mabanja amaopa kuitchula, koma ndiyo imaimitsa ntchito zambiri. Mwamuna wa pachikamwini amazengereza kuika ndalama zake panyumba ya kuchimkazi, poganiza kuti banja likatha adzachoka ndi chikwama chokha. Mkazi wa pachitengwa naye amaopa kuti mwamuna akadzamwalira achibale adzamulanda nyumba yomwe adaitutira madzi ndi mchenga. Mantha amenewa ali ndi maziko, koma malamulo sadakhale chete. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa amayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu yemwe adali wa onse awiri banja likatha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza wamasiye ndi ana, ndipo limaletsa kulanda katundu. Lamulo la malo a mafumu la 2016 lidatsegula mwayi wolembetsa malo, ndipo mwamuna ndi mkazi angathe kulembetsa pamodzi. Choncho n'kwanzeru kuti ankhoswe ndi amfumu adziwe za ntchitoyo isanayambe, malisiti asungidwe, ndipo wilo ilembedwe anthu akadali ndi moyo wathanzi.

Makomiti a chitukuko ali ndi mbali yawo. Pokonza mapulani a midzi, awerenge nyumba zomwe zili pachiopsezo, makamaka za okalamba ndi za amayi olera okha ana, ndipo apemphe ofesi yoona za zomangamanga kukhonsolo kuti ipereke uphungu. Mafumu alimbikitse mabanja kuthandizana kututa mchenga ndi kufolera, monga momwe amachitira pa maliro ndi pa ukwati. Zonsezi zichitike mvula yoyamba isanagwe.