Lusaka: Mudzi wa Malonda Umene Unasanduka Likulu

Lero tikambirana za mzinda wa Lusaka, ndipo tiyamba ndi funso. Kodi matimati amene munadyera nsima dzulo anachokera kuti? Ambiri mwa inu muyankha kuti kumsika. Mwakhoza. Tsono gwirani mawu awa: Lusaka asanakhale likulu la dziko, anali malo ogulitsirako zokolola, ndipo kufikira lero mzindawu umadya thukuta la alimi.

Kalekale dera lino linali la Asoli ndi Alenje. Pafupi ndi chitunda cha Manda Hill, pamene pali Nyumba ya Malamulo, panali mudzi wa mfumu Lusaaka. M'chaka cha 1905 njanji yochokera ku Livingstone kunka ku migodi ya Kabwe inafika kuno. Omanga njanjiyo anakonza malo opatukirapo sitima, nawatcha dzina la mfumuyo. Posakhalitsa alimi achizungu, ambiri a iwo Mabunu, anatsegula mafamu mozungulira. Ankabwera ndi chimanga pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe kudzakweza m'sitima. Kumene kuli ogula, sitolo sizichedwa kumera. Motero m'mbali mwa njanji munayamba mzere wa masitolo, ndipo msewu wake ndiwo Cairo Road. M'chaka cha 1913 kamudziko kanalandira bungwe loyamba loyendetsa zinthu zake.

Nanga kanakhala bwanji likulu? Boma la atsamunda linaona kuti Livingstone ali kumalire kwenikweni, ndiponso ndi kotentha. Lusaka ali pamalo okwera, ozizira bwino, pamphambano ya njira zopita kumpoto, kumwera, kum'mawa ndi kumadzulo. Chotero m'chaka cha 1935 likulu linasamukira kuno. Maofesi a boma anamangidwa pamtunda wa Ridgeway, kum'mawa kwa njanji, popeza kumadzulo kuli mwala wa laimu pafupi ndi nthaka, ndipo madzi a mvula amadikha.

Apa mverani bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Okonza mapu a mzinda sanaganize kuti Mwafrika adzakhazikika m'tauni ndi banja lake. Azungu anapatsidwa malo aakulu okhala ndi mitengo ndi maluwa, monga ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene mpaka lero timati kumayadi. Amwenye ochita malonda anatsegula masitolo awo ku Kamwala. Antchito achiafrika anawamangira tinyumba tozungulira ta chipinda chimodzi, tofolera ndi udzu, ku Kabwata. Tambiri tinagwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanja, koma m'chaka cha 1974 tinyumba 43 tinasungidwa, ndipo malowo ndiwo Kabwata Cultural Village, kumene amisiri amasema ndi kugulitsa ziboliboli. Pafupi pomwepo pali Chilenje, kumene Kenneth Kaunda anakhala m'nyumba nambala 394 kuchokera mu 1960 kufikira 1962, akutsogolera nkhondo ya ufulu.

Iwo amene anasowa nyumba za boma anapempha malo pa mafamu a azungu, namanga okha. Ndicho chifukwa chake makomboni ena ali ndi maina achilendo, monga George, John Laing ndi John Howard. Ufulu utabwera pa 24 Okutobala 1964, malamulo osankhana mtundu anatha ndipo anthu anakhamukira m'tauni. Malire a mzinda anafutukulidwa mu 1970. Chelstone, kum'mawa pa msewu wa Great East wopita ku Chipata, ndi chitsanzo cha malo amene kale anali mafamu koma tsopano ndi nyumba zokhazokha. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka.

Kodi khamu lonseli limadya chiyani? Pitani ku msika wa Soweto mbandakucha, mudzaona. Malole amatsitsa matimati, kabichi, anyezi ndi mbatata zochokera ku Chongwe, Chisamba, Mumbwa ndi Mkushi. Amayi ogulitsa amapikula mabokosi, anyamata a mawilibala nawakankhira kumabasi, ndipo dzuwa likamakwera ndiwozo zafika kale pa matebulo a ku Kabwata ndi ku Chelstone. Maapozi amene mumaona m'misewu ambiri amachokera ku South Africa, pakuti mtengo wake umafuna chisanu chambiri. Choncho bokosi limodzi limadyetsa mlimi, dalaivala, wokankha wilibala ndi wogulitsa, ndi kugulira ana awo makope.

Koma kukula kuli ndi mtengo wake. Minda ya pafupi ikasanduka mapuloti, ndiwo zimachokera kutali ndipo zimakwera mtengo. Ndiponso mwala wa laimu uja uli ndi ming'alu, kotero kuti zonyansa za m'zimbudzi zokumba zimalowa m'zitsime zosaya. Matenda a kolera amene anavuta mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, anakantha kwambiri makomboni monga Kanyama. Mapu a atsamunda anapita, koma mapazi ake akuonekabe. Mzinda wa mawa mudzaukonza ndinu.

Tsopano nayi ntchito yanu. Jambulani mapu a dera lanu, muonetsepo sukulu, msika ndi pamene mumatunga madzi. Funsani agogo kapena munthu wamkulu tanthauzo la dzina la dera lanulo, ndi chimene chinalipo nyumba zisanamangidwe. Aphunzitsi, ngati nkotheka pitani ndi ana kumsika wapafupi, akafunse mwaulemu kumene zinthu zisanu zachokera, ndipo mukalembe malowo pabolodi.