Mbiri ya Timu ya Dodgers: Kuchokera ku Brooklyn Kufika ku Los Angeles

Sabata ino tisiya pang'ono mpira wamiyendo umene tinauzolowera, ndipo tiwoloka nyanja kupita ku America kukaona masewera otchedwa baseball. Nkhani yathu ndi ya timu yakale kwambiri ya Dodgers, imene mbiri yake ili ndi chisangalalo, misozi ndiponso phunziro kwa aliyense wokonda masewera.

Poyamba tifotokoze mmene masewerawa amachitikira. Timu iliyonse imalowetsa anthu 9 m'bwalo. Munthu mmodzi amaponya kampira kolimba, ndipo wa timu inayo amakamenya ndi chibonga chamtengo. Akakamenya amathamanga kudutsa malo atatu oikika, ndipo akabwerera pamene anayambira osatulutsidwa, timu yake yapeza chigoli chimodzi. Anthu atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana, omenya nakhala oponya.

Timu ya Dodgers inayamba m'chaka cha 1883 ku Brooklyn, dera limene tsopano lili mbali ya mzinda wa New York, ndipo mu 1890 inalowa m'bungwe la National League. Dzina lake linachokera m'misewu. Masiku amenewo ku Brooklyn kunali timasitima tambiri toyenda pakati pa msewu, ndipo oyenda pansi ankachita kuzinda powoloka. Anthu a kumeneko ankanenedwa kuti ndi ozinda masitima, ndipo dzinalo linamatirira pa timu yawo. Kuyambira mu 1913 timuyi inkasewera pa bwalo la Ebbets Field, laling'ono ndithu, lozunguliridwa ndi nyumba za anthu wamba.

Tsono tifike pa chinthu chimene chinatchukitsa timuyi dziko lonse. Kwa zaka zoposa 50, munthu wakuda sankaloledwa kusewera m'matimu akuluakulu a baseball. Panalibe lamulo lolembedwa, koma eni matimu anangogwirizana kuti zizikhala choncho, motero akuda anali ndi mabungwe awoawo. Mkulu woyendetsa timu ya Dodgers, a Branch Rickey, anatsimikiza zothetsa mchitidwewu. Mu 1945 anasankha mnyamata wotchedwa Jackie Robinson, amene anabadwa mu 1919 m'chigawo cha Georgia. Mnyamatayu sanali wamantha: ali msilikali mu 1944 anakana kusamukira kumbuyo kwa basi monga ankakakamizira akuda, anazengedwa mlandu, koma anapezeka wosalakwa. Komabe a Rickey anamupempha chinthu chovuta, chakuti akatukwanidwa asabwezere, popeza adani akanapezerapo mpata wonena kuti akuda ndi oyera sangasewere pamodzi.

Atasewera chaka chimodzi ku Montreal, Robinson analowa m'bwalo la Ebbets Field pa 15 Epulo 1947, atavala malaya a nambala 42. Anatukwanidwa, analandira makalata omuopseza kuti aphedwa, ndipo m'mizinda ina mahotela ankamukaniza kugona pamodzi ndi anzake. Iye anayankha ndi luso lake basi. Chaka chomwecho analandira mphoto ya wosewera watsopano wopambana, ndipo mu 1949 anasankhidwa kukhala katswiri woposa onse mu National League. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chifukwa cha kudekha kwake, khomo linatsegukira ena monga Roy Campanella ndi Don Newcombe.

Ngakhale zinali choncho, chikho chachikulu cha World Series chinkawapulumuka. Anansi awo a New York Yankees anawagonjetsa m'ndime yomaliza mu 1941, 1947, 1949, 1952 ndi 1953, mwakuti ochemerera a ku Brooklyn anazolowera kudzitonthoza kuti chaka chamawa zidzatheka. Tsiku lawo linafika pa 4 Okutobala 1955, pamene mnyamata woponya mpira, Johnny Podres, sanalole a Yankees kupeza ngakhale chigoli chimodzi, ndipo Dodgers inapambana 2 kwa 0. Usiku umenewo anthu anavina m'misewu.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Mwini timuyo, a Walter O'Malley, ankafuna bwalo latsopano lalikulu ku Brooklyn komweko, koma sanamvane ndi akuluakulu a mzinda za malo. Pofika mu 1958 timu inali itasamukira ku Los Angeles, ulendo wa makilomita pafupifupi 4,000, ndipo mu 1960 bwalo la Ebbets Field linagumulidwa, pamalopo napamangidwa nyumba zogonamo. Nako ku Los Angeles kunagwa misozi, pakuti bwalo latsopano la Dodger Stadium, lokhalamo anthu 56,000, limene linatsegulidwa mu 1962, linamangidwa ku Chavez Ravine, kumene kale kunkakhala mabanja ochokera ku Mexico. Ambiri anali atasamutsidwa kale powalonjeza nyumba za boma zimene sizinamangidwe, ndipo otsala anachotsedwa mokakamiza mu 1959.

Ife a wailesi sitingaiwale munthu wina amene anasamuka pamodzi ndi timuyi, muulutsi Vin Scully. Anayamba kuulutsa masewera a Dodgers mu 1950 ndipo anapuma mu 2016, atagwira ntchitoyi zaka 67. M'zaka zoyamba ku Los Angeles anthu ankapita ku bwalo atanyamula timawailesi tam'manja, kuti aziona ndi maso kwinaku akumva mawu ake. Iye ndiye anathandiza mzinda watsopanowo kuikonda timu yobwera.

Ku Los Angeles Dodgers inatenga chikho mu 1959, 1963, 1965, 1981, 1988, 2020, 2024 ndi 2025. Khomo limene Robinson anatsegula silinatsekekenso. Mu 1981 Fernando Valenzuela wa ku Mexico anakokera ku bwalo makamu a anthu olankhula Chisipanishi. Mu 1995 kunabwera Hideo Nomo wa ku Japan, ndipo kumapeto kwa 2023 Shohei Ohtani, wa ku Japan komweko, anasaina pangano la zaka 10 la madola 700 miliyoni. Robinson anamwalira mu 1972, ndipo mu 1997 matimu onse akuluakulu anagwirizana kuti nambala 42 isapatsidwenso kwa wosewera watsopano, pomulemekeza.

Omvera athu, tikusiyirani funso loti mukambirane kumudziko. Kodi timu ndi ya yani: ya mwini ndalama amene amalipira osewera, kapena ya anthu amene amaichemerera pa dzuwa ndi pa mvula? Anthu a ku Brooklyn ankayesa kuti ndi yawo, koma anadzuka tsiku lina itapita. Tilembereni maganizo anu, ndipo makalata ena tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.