AKULU AYENERA KUKAONA NCHITO ZA MADZI, MLATHO NDI DAMU

Nkhani ya lero ndiyo ya maulendo a maphunziro. Anthu ambiri ayesa kuti kukaona nchito za Boma ndi cinthu ca ana a sukulu okha, amene akwera lole pamodzi ndi aphunzitsi ao nabwera madzulo ali kuimba. Koma mwana sapereka msonkho, salipira madzi, ndiponso sasankha malo omangapo nyumba. Ocita zimenezi ndiwo akulu, cotero iwo ndiwo ayenera kuyamba kukaona.

Citsanzo cabwino ndilo boma la Luangwa, limene ambiri alidziwabe ndi dzina lakale lakuti Feira, ndilo liu la Cipwitikizi lotanthauza msika. Tauni imeneyi iri pamene mtsinje wa Luangwa uthira m'Zambezi. Tsidya lina kuli Zumbo m'dziko la Mozambique, tsidya linanso kuli Kanyemba m'dziko la Zimbabwe. Anthu a kwa Mfumu Mburuma ndi a kwa Mfumu Mphuka akhala ndi mitsinje imeneyi kuyambira makolo ao, ndipo aidziwa bwino. Koma masiku ano moyo wao utsamiranso pa nchito zitatu zomangidwa ndi manja a anthu, zimene ambiri mwa iwo sanazione bwino ndi maso.

Yoyamba iri pafupi, ndiyo nchito ya madzi a m'mipope. Ku Feira madzi sasowa, koma kutunga pa dooko kuli ndi ngozi ziwiri. Ina ioneka, ndiyo ng'ona ndi mvuu. Ina sioneka, ndiyo tizirombo ta matenda. Munthu amene alowa pa malo okonzera madzi aona makina ali kukoka madzi a mumtsinje. Aona matope ali kudikha pansi pa thanki, madzi nasefedwa mu mcenga, nathiridwa mankhwala a klorini pa muyeso wace, nakwezedwa ku thanki ya pamwamba kuti atsike okha m'mipope. Pamenepo azindikira kuti ndalama imene alipira si ya madzi, pakuti madzi ndi a Mulungu, koma ndi ya magetsi, mankhwala ndi anchito. Azindikiranso kuti mpope woboola usiku ulowetsa zonyansa m'madzi a mudzi wonse. Kolera imene inayamba ku Lusaka m'caka ca 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko la Zambia, ndipo njira yaikulu ya nthenda imeneyi ndiyo madzi oipa.

Nchito yaciwiri ndiyo mlatho wa Luangwa pa mseu waukulu wa Great East Road, makilomita oposa 80 kumpoto kwa Feira. Mlatho woyamba unamangidwa m'caka ca 1932 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo unali wopapatiza. Umene ulipo tsopano unatsegulidwa m'caka ca 1968. Pakati pace pali mamita 222 opanda mzati m'madzi, pakuti mseu wonse wapacikidwa pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanja zazitali. Apaulendo ambiri aima pamenepo kugula nsomba zouma ndi madengu, koma ndi owerengeka amene afunsa za zingwezo. Amene afotokozeredwa kuti cingwe ciri conse ciri ndi kulemera kwace kumene cikhoza kunyamula sadabwanso poona malole ali kupimidwa pa sikelo, ndipo sayesa lamulolo nkhanza. Mlatho umenewu utaonongeka, Chipata ndi cigawo conse ca kum'mawa zingasiyane ndi Lusaka, ndipo ufa, mcere ndi mankhwala zingakwere mtengo tsiku lomwelo.

Nchito yacitatu iri kutali, koma ndiyo yaikulu koposa. Damu la Kariba linamangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959. Cipupa cace ncotalika mamita 128, ndipo anthu a Citonga okwanira 57,000 anasamutsidwa m'midzi yao kuti nyanjayo ipeze malo. Cifukwa cacikulu comangira damulo cinali njala ya magetsi ya migodi ya mkuwa. Munthu wa ku mgodi akafika kumeneko sakhala mlendo konse, pakuti makina opanga magetsi ali pansi pa nthaka, m'zipinda zokumbidwa m'thanthwe. Madzi atsika m'ngalande nazunguza magudumu akulu, ndipo mphamvu yace iyenda pa mawaya kufikira ku Kitwe, kumene ikweza zikepe ndi kupopa madzi a m'migodi.

Kwa munthu wa ku Feira phunziro la Kariba liri pa zitseko zisanu ndi cimodzi za m'cipupaco. Nyanja ikadzala, zitsekozo zitsegulidwa, ndipo madzi onse atsikira kwao. Ngati Luangwa nayenso wadzala, pokhala mtsinje wopanda damu, madzi ace asowa polowera nabwerera m'mbuyo, namiza madimba ndi nyumba za m'munsi. Kumunsinso kuli damu lina, la Cahora Bassa, lomalizidwa m'caka ca 1974, limene nyanja yace ifika pafupi ndi Zumbo. Cotero Feira ikhala pakati pa madamu awiri. Akale anati cakudza siciyimba ng'oma, koma madzi a ku Kariba aimba ndithu, pakuti a Zambezi River Authority alengeza asanatsegule. Amene anaona kukula kwa citseko cimodzi sadikira kuuzidwa kawiri. Ndiponso amene anaona cizindikiro copimira madzi anamvetsa cifukwa cace magetsi anali kuzima maola ambiri pa cilala ca 2024.

Ulendo wotere subvuta kukonza. Bungwe la amai, la asodzi, la mpingo kapena la anchito lilembe kalata kwa oyang'anira malowo masabata angapo tsiku lisanafike, pakuti malo ena salowedwa popanda cilolezo. Anthu asonkhe ndalama ya galimoto, ndipo asaculuke, kuti onse amve mau a wofotokoza. Pakhale womasulira, kuti nkhalamba zosadziwa Cingerezi zisatsale m'mbuyo. Koposa zonse, apite ndi mafunso okonzeratu. Madzi awa ayesedwa kangati? Cikaonongeka cinthu, anthu akanene kwa yani? Cenjezo la cigumula lifika bwanji ku midzi yopanda wailesi? Safunsa anadya phula.

Pobwera, amene anapita akafotokoze pa bwalo la mfumu kapena pa msonkhano wa m'komboni, kuti maso a anthu makumi awiri akhale maso a mudzi wonse. Ndipo inu a ku migodi amene kwanu ndi ku Feira, pa chuti cikudzaci musangotenga nsaru ndi shuga. Tenganinso makolo anu, mukawaonetse kumene madzi ao acokera.