Anthu Osowa Pokhala ndi Khonsolo Yathu

Nkhani imene tikambirane lero ndi ya anthu osowa pokhala, ndiponso zimene ifeyo tingachite kuti khonsolo yathu iziwakumbukira pokonza ntchito zake ndi pogawa ndalama zake.

Kodi munthu wosowa pokhala ndi ndani? Ambirife timafulumira kuganiza za ana aja ogona m'makhonde a masitolo ku Limbe kapena pafupi ndi msika wa ku Lilongwe. Iwowa alipodi. Koma alipo enanso amene sitiwawerenga chifukwa sagona pamsewu. Pali mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake adamutulutsa m'nyumba maliro atangotha, chonsecho lamulo la chuma cha masiye la mu 1967 lidalowedwa m'malo ndi lina mu 2011 limene limati kulanda katundu wotere ndi mlandu. Pali agogo othamangitsidwa pamudzi powanamizira ufiti. Pali banja la pa lendi limene lapeza katundu wake ali panja. Tsono pali khamu lalikulu koposa, la anthu amene madzi adawagwetsera nyumba. Mu Januwale 2015 madzi adasefukira ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Mu 2019 kudabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche, matope ndi miyala nkukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'chigawo cha kumwera anthu oposa 600,000 adasowa pogona. Ambiri mwa iwowa madzulo ake adagona m'nyumba zawo ngati ife tomwe. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nthawi imeneyo masukulu ndi matchalitchi adasanduka misasa. Akhristu adasonkha ufa, zovala, mabulangeti ndi ndowa, ndipo adachita bwino. Koma ufa umatha. Ana asukulu ayenera kubwerera m'makalasi awo, msasa nkutsekedwa. Apo mpomwe funso lenileni limabwera: anthuwa apite kuti? Funso limeneli silingayankhidwe ndi thumba la ufa. Ndi funso la malo, ndipo amene ali ndi mphamvu pa malo, pa chilolezo chomangira, pa ngalande za madzi ndi pa malamulo aang'ono a m'dera ndi khonsolo, mogwirizana ndi mafumu ndi unduna woona za malo. Tikamathera pa chifundo chokha, osafika kumene kumagamulidwa zinthuzi, tidzasonkhanso ufa chaka chamawa, wa anthu omwewo, pamalo omwewo.

Mu 1998 dziko lathu lidakhazikitsa ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Cholinga chake chidali chakuti chitukuko chiziyambira kwa eni dera, osati kudikira kuti a ku likulu atiganizire. Makhansala tidawasankha mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 tidakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi nzambiri. Tidazolowera kuti vuto lililonse tizipita nalo kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, kaya ndi bokosi la maliro, kaya ndi fizi ya mwana, ndipo mpaka lero ena mwa ife sadziwa dzina la khansala wawo. Chizolowezi chimenechi chatipweteka, chifukwa munthu wopempha payekha amalandira yekha, ndipo amene sadziwa njira ya kunyumba kwa bwana amatsala.

Njira yoikika ndi iyi. Kumudzi, pansi pa a gulupu pali komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene timaitchula VDC. Pamwamba pake, m'dera la mfumu yaikulu, pali ADC. Zofuna za anthu zimachokera ku VDC kupita ku ADC, kenaka ku khonsolo, kumene zimalowa m'dongosolo la chitukuko la boma lonse ndi m'bajeti ya chaka. M'mizinda ntchito yomweyi imadzera m'makomiti a m'mawodi ndi kwa khansala. Tsono taonani zimene zimachitika pa misonkhano yathu. Akafunsa kuti tikufuna chiyani, timati mjigo, mlatho, chipinda chophunziriramo. Zonsezi nzabwino. Koma wamasiye uja sabwera, chifukwa ali ndi manyazi. Mwana wa pamsewu palibe amene amamuitana. Banja lochokera kumsasa limaonedwa ngati la alendo. Mlembi akatseka buku lake, iwowa mulibe. Ndipo chimene sichidalembedwe m'buku la VDC sichingapezeke m'bajeti ya khonsolo.

Mwina wina akuti, kodi anthu osauka angaisunthe khonsolo? Zidachitikapo m'dziko mwathu muno. Mu 2003 ku Mtandire, mumzinda wa Lilongwe, amayi ochepa okhala m'nyumba za lendi adayamba kusonkha ndalama pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Gulu lawo lidakula nkufalikira m'mizinda ina, nkumatchedwa Malawi Homeless People's Federation, likuthandizidwa ndi bungwe la CCODE. Thumba lawo la ngongole zomangira nyumba adalitcha Mchenga, poti kamchenga kamodzi nkosaoneka, koma wochuluka umamanga nyumba. Atapita ku khonsolo sadapite manja ali m'khosi. Adatenga mabuku osonyeza kuti alipo angati, akukhala motani, ndipo asunga ndalama zingati. Adapempha malo, osati ndalama. Makhonsolo adawapatsa mapuloti ku Area 49 ku Lilongwe, ku Angelo Goveya ku Blantyre ndiponso ku Mzuzu, ndipo iwo eni adaumba zidina nkumanga nyumba mazanamazana. Si zonse zidayenda bwino ayi. Kubweza ngongole kudavuta kwa ena, ndipo malo ena adali kutali ndi kumene anthu amapezera ndalama. Komabe chimene ndikufuna muone ndi ichi: akuluakulu a khonsolo adakhala pansi ndi amayi ogulitsa mandasi ndi tomato, nkukambirana nawo za kukula kwa puloti. Chidawakhazika pansi ndi mabuku aja, ndi kuchuluka kwa anthu olankhula chimodzi.

Pa nkhani ya ana a m'misewu, tisamale ndi yankho lachidule. Kawirikawiri timamva kuti apolisi ndi akhonsolo asesa mzinda, ana awachotsa. Ambirife timaombera m'manja, chifukwa enafe adatitsomphola foni kapena chikwama. Mkwiyo wake ngomveka. Koma pakapita masabata awiri anawo amakhala abwerera pa khonde lomwe lija, poti chimene chidawathawitsa kwawo chikadalipo: njala, nkhanza za bambo wopeza, imfa ya makolo. Mu Januwale 2017 Bwalo Lalikulu lidagamula kuti ndime ina ya lamulo la vakabu, imene apolisi ankagwiritsa ntchito pomanga munthu pongomuganizira, njotsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Umphawi si mlandu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limapatsanso makhonsolo udindo pa ana a m'dera lawo. Motero akatiuza kuti akasesa, ife tifunse mwaulemu: mukawatenga mukawasiya kuti? Adzawalondola ndani kwa abale awo? Ofesi yosamalira anthu mwaipatsa ndalama zingati chaka chino?

Tsono ife a m'miphakati tili ndi chinthu chimene khonsolo ilibe. Timadziwana khomo ndi khomo. Timadziwa amene akugona m'khitchini mwa mnansi wake, ndi nyumba imene khoma lake silipirira dzinja likubwerali. Tiyambe ndi kuwerenga. Tilembe mabanja, chiwerengero cha ana, chimene chidawachotsa pakhomo, ndi chimene iwo eni akufuna. Tiwafunse, tisawayankhire. Tilembe aliyense, Mkatolika kapena ayi, wa chipani ichi kapena icho, pakuti khonsolo ndi ya onse. Pamenepa ndichenjeze: mndandanda wa maina ndi pamene pamalowera chinyengo. Tonse tidamvapo za malata olandiridwa ndi munthu amene nyumba yake sidagwe. Maina a olandira thandizo aziwerengedwa poyera, pamaso pa mudzi wonse.

Nthawi nayonso njofunika. Kuyambira 2022 chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kuti bajeti ya khonsolo imakonzedwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Wobwera ndi pempho lake mu Meyi wapeza mphika atapakula kale. Misonkhano ya khonsolo yonse njololedwa kuti anthu wamba akamvere, pokhapokha khonsoloyo itagwirizana kuti nkhani ina ikambidwe mseri. Mipando ya anthu wamba imakhala yopanda anthu chifukwa sitipitako. Ndiponso kuyambira mu Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito. Tikhoza kulemba kalata yofunsa kuti ndalama za ngozi zogwa mwadzidzidzi zidagwira ntchito yanji, kapena kuti ndi malo ati amene akonzedwa osamutsirako anthu. Kalatayo tisunge inzake yodindidwa chidindo cha ofesi. Popita kumeneko nsalu za chipani tizisiye kunyumba.

Chotsala nchowawa pang'ono, chifukwa chikukhudza ifeyo. Khonsolo ikavomera kusamutsa anthu m'mbali mwa mtsinje kapena m'phiri, malo ake adzachokera kwa wina, ndipo mwina ndi kwa ife. Pamsonkhano timavomera msanga, koma akaloza munda wogonera wa banja lathu timayamba kukumbutsa za malire a makolo. Mafumu athu muli pano, nkhaniyi muyambe kuikamba ndi anthu anu mvula isanagwe, ndipo za chipukuta misozi zimveke bwino poyambirira. Osamukawo nawonso afunsidwe. Munthu wa kudambo mukamuika kumtunda kopanda madzi, kopanda munda, kutali ndi msika ndi sukulu, adzabwerera, ndipo tidzamunena kuti ngwamakani pamene iye akungotsata chakudya cha ana ake.

Pa misonkhano ya miphakati ya mwezi uno, mlembi aliyense abwere ndi kope lapadera la ntchito imeneyi. Lamulungu loyamba la mwezi wamawa tidzaphatikize zolembazo kuno ku parishi, tidzasankhe anthu asanu okazitula ku VDC ndi kwa khansala. Mwa asanuwo, awiri akhale ochokera pakati pa osowa pokhala eni ake. Tsopano ndilandire mafunso anu.