Kambewa Kobisala M'mkono

Pindani mkono, mufumbate chibakera, kenaka muuwongole. Mwakaona kanthu kakuthawira pansi pa khungu? Aroma akale ankati ndi kambewa. M'Chilatini mbewa ndi "mus", kambewa ndi "musculus". M'menemo ndi momwe munachokera mawu aja akuti "muscle", omwe tinkaloweza m'Bayoloje osadziwa kuti tikutchula ndiwo.

Komatu muzu wake ngozama kuposa Roma. Kwa Agiriki, "mys" ankatanthauza mbewa ndi mnofu womwe. N'chifukwa chake madokotala amatcha mnofu wa mtima "myocardium". Ku India, m'Chisanskrit, mbewa ndi "mush". Naye "mouse" wa Angerezi ndi mbale wawo. Mu 1786, ku Calcutta, William Jones adanena kuti Chilatini, Chigiriki ndi Chisanskrit zidaphuka pa tsinde limodzi.

Ena amanyoza kuti Chilatini chidafa. Ine ndikupempha bungwe lathu kuti pa mabuku ogulira sukulu chaka chino pasalephere dikishonale yofotokoza magwero a mawu, ana athu adziwe kumene adachokera "c" wosamveka uja wa mu "muscle", yemwe adatidyera mamalikisi ambirife.